17 Meyi ku Norway: mmene mlendo angalowere nawo m'chikondwerero

Ngati mwasamukira ku Norway kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, 17 Meyi si tsiku logona m'nyumba. Pa tsikuli m'chaka cha 1814, nthumwi zidasainira malamulo oyendetsera dziko ku Eidsvoll, ndipo mpaka pano ndilo tsiku lalikulu la dzikolo. Musayembekezere kuona akasinja. Mwambo wonse wagona pa ana a sukulu, amene amaguba atanyamula timbendera, patsogolo pali gulu la malipenga ndi ng'oma. Perete wa anayu adayamba mu 1870 ku Christiania, komwe lero ndi Oslo.

Kukonzekera kumayamba dzulo lake. Pafupifupi masitolo onse amatseka pa 17, pamodzi ndi Vinmonopolet, sitolo ya boma yogulitsa vinyo ndi mowa waukali. Tsikuli likagwera Lolemba, gulani zanu Loweruka, chifukwa Lamlungu nakonso masitolo akuluakulu satsegula. Musaiwale kambendera ka m'manja ndi kariboni kofiira, koyera ndi kabuluu komangirira pachifuwa.

Alendo ambiri amaphonya pa zovala. Amaganiza kuti poti ndi tsiku la m'misewu, jinzi ndi jekete zikwanira, kenako amapezeka ali okha pakati pa anthu otchena ngati akupita ku ukwati. Eni dziko ambiri amavala bunad, chovala chachikhalidwe chimene zokongoletsa zake zimasonyeza dera lomwe munthu kapena makolo ake adachokera. N'chodula kwambiri, ndipo palibe amene akuyembekeza kuti inu mugule. Suti, diresi labwino, kapena chovala chachikhalidwe cha kwanu, zonsezi zimalandiridwa ndi manja awiri. Koma nsapato zikhale zoti mutha kuima nazo maola atatu, ndipo mutenge chofunda ndi chotchinga mvula, poti Meyi wa kumeneko amatha kuzizira dzuwa likuwala.

Ku Oslo, sukulu zoposa 100 zimaguba kudutsa mumsewu wa Karl Johans gate kukafika kunyumba yachifumu, kumene mfumu ndi banja lake amaima pakhonde lam'mwamba n'kumabayibitsa ana. Mwambo wa pakhondewu adauyamba Mfumu Haakon VII mu 1906. Perete amanyamuka cha m'ma 10 koloko m'mawa, choncho wofuna malo oonera bwino afike ola limodzi nthawi isanakwane. Misewu ya pakati pa mzinda imatsekedwa, mabasi ndi ma tram (sitima zoyenda m'misewu ya mumzinda) amasintha njira, ndiye onani ndondomeko ya Ruter, kampani yoyang'anira mabasi ndi ma tram ku Oslo, usiku wake. Galimoto isiyeni kunyumba. Mukakhala ndi ana, gwirizanani malo okumanirana mukasochererana, chifukwa pachigulu chotero foni simuimva kulira.

Ine ndimaona kuti khomo lenileni la mlendo si pakati pa mzinda ayi, koma pasukulu ya m'dera lanu. Perete akatha, makolo amakonza masewera a ana pabwalo la sukulu, n'kumagulitsa makeke, khofi, masoseji ndi ayisikilimu. Nthawi zambiri amalipiritsa kudzera pa Vipps, pulogalamu yolipirira pafoni, ndiye ikhale yokonzeka. Ngati mwana wanu amaphunzira pamenepo, mukhoza kulandira uthenga wopempha kuti muphike keke kapena muime pamalo ogulitsira kwa ola limodzi. Vomerani. Ntchito yothandizana imeneyi amaitcha dugnad, ndipo kholo lozemba anzake amalizindikira, ngakhale sanena. M'pamenenso aneba amene chaka chonse amangodutsa mwakachetechete amayamba kucheza nanu. Moni wa tsikuli ndi "Gratulerer med dagen", kutanthauza "mafuno abwino pa tsikuli", ndipo mumayankha ndi mawu omwewo.

Wina akakuitanani ku chakudya cham'mawa, fikani pa nthawi yeniyeni ndipo funsiranitu choti mubweretse, popeza aliyense amasonkhako mbale. Kawirikawiri pamakhala shampeni ngakhale kuli m'mawa, koma lamulo sililola kumwa mowa mumsewu kapena m'paki.

Mbendera nayo ili ndi ulemu wake. Isakhudze pansi, ngakhale kakang'ono ka mwana kaja. Ngati nyumba imene mukuchita lendi ili ndi mlongoti, mbendera imakwezedwa 8 koloko m'mawa n'kutsitsidwa isanapitirire 9 koloko usiku, ngakhale kunja kukadawala.