Akuti tidzapuma kumwamba

Ndafika pakhomo kalekale koma mtima sunakhazikikebe, tulo nato sitikubwera, nde ndati bola ndingolemba. Nkhani yake ndi ya miting'i ya lero titaweruka mapemphero, makamaka mawu amene m'bale wina anayankhula, mawu oti ndawamvapo kambirimbiri ndipo nthawi zonse timangoti ameni n'kupitirira, koma lero andilasa penapake.

Kumpingo kwathu kuli mayi ena, sinditchula dzina, amene akhala akuphunzitsa ana Sande sukulu kuyambira ine ndili kamtsikana. Oyendera odwala ndi omwewo, wina akaferedwa oyamba kufika ndi omwewo, kwaya ikasokonekera amaitanidwa ndi omwewonso kuti akayanjanitse anthu. Lero anaimirira n'kunena kuti akupempha kupuma kwa chaka chimodzi. Sanachulutse gaga m'diwa, anangoti thupi latopa, mtima nawo watopa, akufuna chaka chimodzi chomangokhala pa benchi n'kumamva mawu ngati wina aliyense. Anali atalemba zoyankhula zawo pakapepala koma sanawerenge n'komwe, ankangokapinda, kukapindanso, mpaka kanabisika m'manja, ndipo chala chachikulu chinkanjenjemera. Ndinakhala pafupi, ndinaona.

Kunangoti zii. Kenako m'bale uja, munthu wachangu ndithu pa za Mulungu, izo sindingamulande, anaseka n'kunena kuti, "Aaa amayi, ntchito ya Ambuye ilibe holide. Tidzapuma kumwamba." Ena anaseka nawo, ena ameni. Wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti kuzirala kumayamba chonchi, ndinamva ndi makutu angawa. Mayi aja anangomwetulira n'kukhala pansi, otsogolera anati nkhaniyi tiionanso ulendo wina, basi tinalumphira pa nkhani ya denga lomwe likudontha ngati palibe chachitika.

Potuluka ndinawathamangira. Ndinalibe choti ndinene kwenikweni, ndinangowalandira chikwama n'kumayenda nawo. Tinayenda kamtunda ndithu osayankhulana, kenako anayamba okha.

"Mwanangu, ukuganiza kuti ndachimwa?"

Ndinati ayi amayi, mwachimwa pati.

"Ukudziwa, ine Baibulo ndimatsegula tsiku lililonse. Koma ndikatsegula ndimakhala ndikusaka choti ndikauze ana Lamulungu, kapena vesi yoti ndikawerengere wodwala. Sindikukumbuka tsiku lomaliza lomwe ndinawerenga n'kumva kuti apa akuyankhula ndi ine. Ndikagwada kuti ndipemphere ndimayamba kuwerengera anthu omwe sindinawayendere, mpaka ndimadzuka osapemphera. Ndiye munthu akuti ndikuzirala chifukwa ndapempha kupuma. Kuzirala kwake ndi kumene ndili nakoku, ndili pakati pa ntchito, nonse mukundiombera m'manja."

Mawu amenewo ndi amene akundisowetsa tulo. Ndinawafunsa ngati anauzako abusa paokha, anati eya, abusa anamvetsa bwinobwino ndipo ndi amene anawalimbitsa mtima kuti akanene pagulu, koma lero anali atapita kukatumikira kwina. Ndinafunsanso kuti nanga kunyumba akuti chani, anaseka pang'ono, akuti ana awo akhala akuwachonderera kwa nthawi yaitali. Kenako anati, "Ine ndili m'chilimwe mwanangu. Si kuti ndauma ayi. Koma anthu akufuna ndizioneka wobiriwira chaka chonse."

Pamenepo ndinakumbuka zomwe tinkaphunzira m'kalasi za mitengo yoyoyola masamba. Tsamba lili ndi timabowo ting'onoting'ono momwe madzi amatulukira, nde nyengo youma ikafika, kapena kumaiko kozizira kwambiri madzi akaundana m'nthaka, mtengo woumirira masamba ake onse umataya madzi ambiri kuposa omwe mizu ikukoka. Ndipo sumangowataya chisawawa, umayamba wabweza zakudya zomwe zinali m'tsambamo n'kuzisunga m'nthambi ndi m'mizu, n'chifukwa chake tsamba limasintha mtundu lisanagwe, kenako umatseka pamene linamera paja kuti pasalowe matenda, tsamba n'kuthothoka. Wodutsa amangoona mtengo wa mbulanda n'kumati wafa, pomwe ukudzisunga kuti udzaphuke. Ndinawafotokozera zimenezi mwachidule, anangoti "ehe, ndi zomwezo", kenako tinafika posiyana njira, anatenga chikwama chawo n'kundiuza kuti ndisakayambane ndi munthu chifukwa cha iwo.

Sindiyambana ndi munthu, koma mkwiyo ndili nawo ndithu, ndipo sindikudziwa kuti ndaukwiyira m'bale uja kapena tonsefe amene tinakhala chete. Chifukwa mawu oti tidzapuma kumwamba amamveka auzimu kwambiri koma ndikayang'ana m'Malemba munthu amene anayankhula mofanana nawo ndi Farao. Pa Eksodo 5, Mose ndi Aroni atapempha kuti anthu apite kukapembedza m'chipululu, Farao anati anthuwa ndi aulesi n'chifukwa chake akufuna zokapereka nsembe, nde analamula kuti asawapatsenso udzu woumbira njerwa, azikaufuna okha, koma chiwerengero cha njerwa chisatsike. Munthu wapempha mpata woti akakumane ndi Mulungu wake, yankho lake n'kumutchula waulesi. Lero ndaona chinthu chomwecho m'nyumba ya Mulungu, chasiyana n'choti chinanenedwa moseka.

Ndipo n'chifukwa chake lamulo la Sabata linalembedwa kawiri ndi zifukwa ziwiri. Pa Eksodo 20 chifukwa chake n'choti Mulungu mwini anapuma tsiku lachisanu ndi chiwiri atalenga zonse. Pa Deuteronomo 5 chifukwa chake n'choti munali akapolo ku Ejipito ndipo ndinakutulutsani, ndiye wantchito wanu, ng'ombe yanu, bulu wanu, mlendo wokhala nanu, onse apume ngati inu. Kapolo ndi amene alibe tsiku loti anganene kuti lero ayi. Ine ndikamawerenga pamenepa ndimaona kuti lamuloli likuyankhula kwambiri ndi amene ali ndi mphamvu yogwiritsa anzawo ntchito, kuti awamasule. Mumpingo mphamvu imeneyo tili nayo tonse, timaigwiritsa ntchito ndi mawu okoma, "popanda inu amayi zinthu siziyenda", munthu n'kumasenza mpaka msana kupindika.

Vesi ina yomwe yakhala ikundizungulira m'mutu usiku uno ndi Eksodo 34:21, pamene akuti uzipuma ngakhale nthawi yolima ndi nthawi yokolola. Tangoganizani, nthawi yomwe mlimi aliyense amadziwa kuti tsiku limodzi likakudutsa walemba m'madzi, mvula siidikira munthu, mbewu zikacha sizidikira munthu, Mulungu akuti olo pamenepo. Anadziwa kuti tidzanena kuti tipuma ntchito ikachepa, ndipo ntchito siichepa. Ndinawerengapo kuti mfumu ya Aroma Constantine itakhazikitsa lamulo m'chaka cha 321 loti anthu azipuma Lamulungu, inalamula oweruza, anthu a m'mizinda ndi amisiri kuti asiye ntchito, koma alimi inawalola kupitiriza poopa kuti nyengo yabwino yodzala ingawadutse. Mfumu inaona kuti pali ntchito zina zofunika kwambiri moti sizingaime. Mulungu pa phiri la Sinai paja sanasiye khomo limenelo. Ife timaganiza ngati Constantine, kungoti m'malo mwa munda taikapo ntchito ya mpingo.

Mutu ukundiwawa pang'ono, mwina chifukwa chosalira pomwe ndimafuna kulira. Masiku ano ndikumakwiya msanga, ndazindikira, tinthu tating'ono tikumandikhudza kwambiri, foni ikangolira mtima umagunda ngati kuli uthenga woipa pomwe ndi gulupu ya WhatsApp chabe yokumbutsana za pulogalamu ya mawa. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya mayi aja yandilowa chonchi, ndinawayang'ana n'kudziona ndekha zaka zikubwerazo. Ndimakonda mpingo wanga, ndimakonda kutumikira, sindikufuna kudzafika poti dzina la Yesu likatchulidwa chobwera m'mutu mwanga n'kukhala ndandanda wa ntchito.

Komabe ndisamunamizire m'bale uja, funso lomwe linali kuseri kwa nthabwala yake ndi lenileni. Ana aja Lamulungu likubwerali awaphunzitsa ndani? Ndi funso lomwelo lomwe lili pa Levitiko 25, pamene Mulungu analamula kuti munda ulimidwe zaka 6, chaka cha 7 ugonere, osadzala osadulira mphesa. Anadziwiratu kuti anthu afunsa kuti nanga tidya chani, ndipo funsolo analilemba yekha pa vesi 20, n'kuyankha kuti chaka cha 6 adzadalitsa zokolola zokwanira zaka zitatu. Kupuma kumafuna chikhulupiriro chambiri kuposa kugwira ntchito, chifukwa ukamagwira umadziwa kuti zinthu zili m'manja mwako, ukasiya uyenera kukhulupirira kuti Mulungu sagwa nawe limodzi. Ndipo zikuoneka kuti Aisraeli zinawavuta, chifukwa 2 Mbiri 36:21 imati atatengedwa ukapolo ku Babulo dziko linapuma zaka 70 kubweza masabata ake. Nthaka inapumabe, koma mochita kuwawa. Thupi la munthu nalonso limatero, ukalikaniza kupuma limadzapuma lokha pabedi la kuchipatala, ndipo pamenepo tonse timathamangira ndi mapemphero, ife omwe tinaseka.

Ndimaganizanso za Eliya pa 1 Mafumu 19. Munthu wangochoka kumene pa phiri la Karimeli pamene anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, moto watsika kumwamba, mvula yagwa patatha zaka za chilala, kenako uthenga umodzi wa Yezebeli basi wathawa, wasiya mnyamata wake ku Beereseba, walowa m'chipululu, wakhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Akanakhala wa mumpingo mwathu tikanati wazirala. Mulungu sanamudzudzule, sanamupatse ulaliki, anamusiya agone, mngelo n'kumudzutsa kuti adye mkate ndi kumwa madzi, anagonanso, anamudzutsanso kachiwiri kuti adye chifukwa ulendo ndi wautali. Zoyankhulana zinabwera pambuyo pake ku Horebu patatha masiku 40. Ndipo chomwe chimandikhudza n'choti kumeneko Mulungu anamuuza kuti suli wekha, alipo 7,000 amene sanagwadire Baala, komanso pita ukadzoze Elisa kuti adzalowe m'malo mwako. Mankhwala ena a kutopa kwa Eliya anali munthu wina woti asenze nawo. Ife zaka zonsezi sitinakonze Elisa aliyense, tinangoona kuti mayi aja alipo basi, ndiye lero tikuchita mantha n'kumaponya mantha athuwo pa iwo ngati kuti olakwa ndi iwo.

Ndikudziwa wina anena kuti nanga Yesu uja pa Marko 6 anauza ophunzira ake kuti tiyeni kwatokha mukapume pang'ono, chifukwa analibe mpata ngakhale wodya, koma anthu anawatsatira ndipo Iye anawamvera chifundo n'kuyamba kuwaphunzitsa, mpumulo uja n'kuthera pomwepo. Zoona, zili choncho, ndipo ndimeyi imandivuta ndithu. Pali nthawi zina zomwe chifundo chimakudzutsa pamene unafuna kugona. Koma madzulo a tsiku lomwelo anawakweza ophunzira m'ngalawa, anabalalitsa khamu lija, n'kukwera phiri yekha kukapemphera. Anthu ofuna thandizo anali asanathe m'dziko, anawauzabe kuti zipitani. Ndipo tsiku limodzi losokonezedwa ndi chifundo silifanana ndi zaka makumi zopanda nyengo yopuma. Pa Genesis 8:22 Mulungu analonjeza Nowa kuti kudzala ndi kukolola, kuzizira ndi kutentha, usana ndi usiku sizidzatha dziko likadalipo, analonjeza kusinthana kwake, ndiye ife tinazitenga kuti zoti Mkhristu wabwino amakhala pa nyengo yokolola yokhayokha?

Foni yaliranso pompano. Ndi mmodzi wa otsogolera, akuti "Achemwali, tinaganiza kuti mwina inu mungagwirizire kaye kalasi ya ana ija poti mumagwirizana nawo amayi aja, tiuzeni mawa." Nde ndakhala ndikuyang'ana meseji imeneyi. Mbali ina ndikufuna kuvomera pompano kuti mayi aja apume popanda wowanena, chifukwa ndikakana nkhani ibwerera kwa iwo ndipo ndikuwadziwa, adzangoti chabwino ndipitiriza. Mbali ina ndikuona kuti ndikangoti eya ndekhandekha ndiye kuti tangosintha dzina la wosenza, katundu ndi yemweyo, zaka zikubwerazi wopinda kapepala pamiting'i ndidzakhala ine. Mwina ndiwayankhe kuti ndivomera tikakhala atatu osinthana, ndipo m'bale uja akhale mmodzi mwa atatuwo, osati momulanga ayi, ana amamukonda ndipo nkhani za m'Baibulo amazifotokoza bwino kuposa ine. Kaya avomera, kaya anenanso kuti ndayamba kuwerengera Ambuye maola. Ndalemba yankho n'kufufuta, ndalembanso, lili pomwepo silinatumizidwe, ndipo mawa ndiyenera kulawirira kuntchito