Sukulu ya pa tebulo losokera, ndi funso la achimwene

Tsiku lomwe ndinauza achimwene anga kuti mtsikana wanga sabwereranso kusukulu, kuti aziphunzirira pakhomo pano ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare, sanandikalipire ayi. Anangokhala chete pa foni kuchokera ku Johannesburg kuja, kenako n'kufunsa kuti, "Chabwino achemwali, koma pepala adzam'patsa ndani? Inuyo?" Ine ndinaseka. Zinanditengera pafupifupi zaka ziwiri kuti ndione kuti nkhani yonse inagona pa funso lomweli.

Mwanayu ali ndi matenda a sickle cell. Miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa Harare kukafika poluma, iye amakhala wa kuchipatala. Mu 2020 anali Fomu 1, ndipo sukulu zitatsekedwa mu March chifukwa cha Covid tinaona chinthu chodabwitsa: chaka chonsecho sanagonekedwe ngakhale kamodzi. Sankadzukanso mbandakucha kukadikira kombi mphepo ili zii, sankakhalanso pa benchi yozizira tsiku lonse. Ananenepa. Ndiye sukulu zitatsegulidwa, ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti basi, akhale.

Ine ndine telala. Sukulu yathu inali tebulo lodulira nsalu: m'mawa mabuku, masana madiresi a akwati. Kuphunzitsa sikunandivute monga ndinkaopera, chifukwa mwana wofuna kuwerenga amadzikoka yekha, ndipo Masamu ndi sayansi tinapeza aphunzitsi ena opuma pantchito a ku Tafara omwe ankabwera kawiri pa sabata. Magetsi akazima, foni tinkaitchaja pa sola ya aneba. Madzi akasowa, monga mukudziwira za kuno, phunziro loyamba linali mzere wa pa mjigo. Zonsezi zinali zopiririka. Cholakwa changa chinali chakuti chaka choyamba chonse tinkangophunzira, osadziwa kuti tikukonzekera mayeso a ndani.

Chomwe chinandisokoneza ndi Facebook. Ndinalowa m'magulu a makolo ophunzitsa ana pakhomo, ndipo ambiri mmenemo ndi a ku America. Kumeneko kuphunzitsa mwana pakhomo n'kololedwa m'zigawo zonse 50, ngakhale malamulo ake amasiyana chigawo ndi chigawo, ndipo kholo limatha kulemba lokha ndandanda wa zomwe mwana waphunzira, magiredi ake, n'kusainira lokha diploma. Makoleji ambiri akumeneko amalandira zimenezo, nthawi zina pamodzi ndi zotsatira za mayeso a SAT kapena ACT. Ndinaona zithunzi za amayi akupereka pepala kwa mwana pabalaza, mwana atavala gauni. Mumtima ndinati, nanga gauni si ndikhoza kusoka ndekha?

Gauni ndikanasokadi. Koma tangoganizani ndikulowa pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant ndi pepala losainidwa ndi amake a mwana. Kuno njira yodziwika ndi maphunziro asanu a O Level, kuphatikizapo Chingerezi, pa giredi C kapena kuposa, kenako maphunziro osachepera awiri a A Level. Ngakhale koleji ya unamwino kapena ya uphunzitsi imayamba yafunsa ma O Level asanuwo. Pepala limachokera ku bungwe la mayeso, ndipo bungwe silifunsa kuti mwana ankakhala pa desiki iti. Limangofuna kuti alembetse pa senta yovomerezeka, alipire, abwere tsiku la mayeso. Mwana wotere amatchedwa private candidate.

M'magulu omwewo munali ena otsatsa GED, ati ndi njira yachidule. Ndinaifufuza ndithu. Ndi mayeso a ku America omwe anayamba mu 1942 pofuna kuthandiza asilikali omwe anasiya sukulu chifukwa cha nkhondo. Lero ndi mayeso anayi olembera pa kompyuta: Masamu, Chingerezi, sayansi ndi social studies, ndipo kuti ukhoze pamafunika 145 pa phunziro lililonse, pomwe malikisi amathera pa 200. Kwa munthu wamkulu yemwe akufuna kutseka dzenje lakale, kapena wopita ku America, ili ndi ntchito yake. Koma social studies yake ndi ya boma ndi mbiri ya America, ndipo mwana wanga sankapita ku America. Ndinaisiya. Za "diploma ya pa intaneti" yomwe munthu wina ananditumizira ku inbox, yoti mungolipira n'kulandira pakatha masabata, sinditayirapo mawu.

Kenako kunabwera maganizo a azakhali a ku Dedza. Bambo anga anachokera kumeneko nthawi ya Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, anadzagwira ntchito yophika kwa azungu ku Highlands, ndipo abale akumudzi amationabe ngati anthu ochedwa kubwerera. Azakhali anati, "Mwanayo m'bweretseni kuno adzalembe MSCE ngati external, kwathu n'kwathu." Sanali kunama. MANEB ya ku Zomba, yomwe imayendetsa mayeso a MSCE ku Malawi, imalola olemba osachokera m'kalasi. Magiredi ake amayenda kuyambira 1 mpaka 9, pomwe 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, ndipo mayunivesite a boma amafuna ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Ndinaganizirapo usiku wathunthu, makamaka poona kuti akanalemba ndi Chichewa chomwe. Komatu Chichewa cha mwana wanga ndi cha ku Mabvuku, chosakaniza ndi Chishona moti agogo ake akadzuka angafunse kuti akulankhula chiyani. Komanso ulendo wa basi wodzera ku Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza, m'nyengo yozizira yomwe mayesowo amalembedwa, ndi mwana wa sickle cell, ndinati ayi azakhali, pepani.

Zinatsala ziwiri: ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, ndi Cambridge, la ku England.

ZIMSEC inali ya mtima wanga, chifukwa ndi yathu komanso ndi yotsika mtengo, ngakhale private candidate amalipira ndalama zonse pomwe mwana wa sukulu ya boma amathandizidwa ndi boma. Mabuku ake amapezeka paliponse, ngakhale pa msewu m'tauni. Chomwe chinatiimitsa ndi dongosolo la malikisi lotchedwa CALA. Kuyambira 2021 gawo la 30 pa 100 la malikisi linkachokera ku ntchito zomwe mwana amachita m'kati mwa chaka, zochongedwa ndi mphunzitsi wa pa senta. Kwa mwana wa m'kalasi zimenezo n'zomveka. Kwa ife zinatanthauza kudziphatika ku koleji ina m'tauni, kulipira kumeneko, ndi kukwera kombi kupita ku Fourth Street kangapo pa mwezi, chinthu chomwe tinkathawa poyamba. Mu 2024 CALA inachotsedwa, m'malo mwake munabwera mapulojekiti a pasukulu, choncho amene mukuyamba lero kafunseni pa senta momwe private candidate akuchitira ndi gawo limenelo musanagule buku ngakhale limodzi.

Cambridge inatikopa pa chifukwa chimodzi chokha: maphunziro ambiri a IGCSE, mayeso ake ofanana ndi O Level, ungathe kuwalemba onse pa pepala, popanda ntchito ya m'kalasi. Ngakhale sayansi. Biology, Chemistry ndi Physics zili ndi pepala lotchedwa Alternative to Practical, Paper 6, lomwe limalowa m'malo mwa mayeso a mu labu. Amakupatsa chithunzi cha zipangizo ndi manambala omwe atuluka, iwe n'kujambula girafu, kufotokoza chomwe chalakwika, kukonza njira yako yoyesera. Sikuti ndi lophweka. Mwana yemwe sanagwirepo chilichonse ndi manja amagwa nalo. Ife tinkayesera kukhitchini: mbatata yoduladula m'madzi a mchere kuti aone osmosis, madzi a kabichi wofiira poyesa viniga ndi soda, ayodini wa m'bokosi la mankhwala pa ufa. Tepi yanga yoyezera nsalu inagwira ntchito ya Physics mpaka manambala anafufutika.

Mtengo ndiye unatipweteka. Phunziro limodzi la Cambridge limadya ndalama zomwe ku ZIMSEC ungalipirire maphunziro angapo, ndipo ukachedwa kulembetsa amawonjezera chindapusa. Chotipulumutsa chinali chakuti mayeso amalembedwa kawiri pa chaka, May ndi June kenako October ndi November, ndipo palibe lamulo loti ulembe zonse nthawi imodzi. Tinagawa: atatu mu June 2023, atatu mu November. Achimwene a funso lija ndi omwe anatumiza ndalama za gawo loyamba pa Mukuru, osanenapo kanthu. Gawo lachiwiri linachokera ku mayunifolomu a kwaya ya amayi a mpingo wina, madiresi 40 omwe ndinasoka mpaka msana unachita kulira. Polembetsa pali njira ziwiri zomwe ndikuzidziwa kuno, kudzera ku British Council kapena pa sukulu yovomerezeka ndi Cambridge yomwe imalandira ana akunja. Ife tinapeza sukulu. Si sukulu zonse zimalola, ndipo zina zimaikapo kandalama kawo ka senta, ndiye yambani kugogoda chaka chisanathe.

Pali misampha iwiri yomwe ndinagweramo, ndipo wina ndinautchera ndekha.

Woyamba ndi wa Masamu, silabasi 0580. Ali ndi magawo awiri, Core ndi Extended. Ine poona dzina loti Core ndinaganiza kuti ndiye mwini wake wa phunziro, ndipo tinaphunzira zimenezo miyezi isanu ndi itatu. Aphunzitsi a ku Tafara aja ndi omwe tsiku lina anatenga silabasi yomwe ndinapulintitsa n'kundifunsa kuti, "Mayi, mukudziwa kuti apa ngakhale akhoze zonse sangapitirire C?" Sindinkadziwa. A* mpaka B zimapezeka ku Extended kokha. Mwana wofuna sayansi ku A Level, C ya Masamu imamutsekera zitseko. Tinasuntha Masamu kuchoka mu June kupita mu November, n'kuyamba kuthamanga. Silabasi iliyonse imalembedwa zaka zomwe ikugwira ntchito pachikuto pake, ndipo zimasintha. Mwachitsanzo kuyambira 2025 Masamu omwewa ali ndi pepala lolemba popanda kakyuleta. Buku la mwana wa aneba la zaka zisanu zapitazo likhoza kukusocheretsani.

Wachiwiri ndi wathu ife a makolo ochokera ku Malawi. Dzina lomwe lili pa Statement of Entry, kapepala kolowera m'chipinda cha mayeso, liyenera kufanana ndi la pa chitupa chilembo ndi chilembo, ndipo ndi lomwe limadzalembedwa pa satifiketi. Dzina la banja lathu lili ndi "l" komanso "ph". Pa birth ya mwana, chikalata chake cha kubadwa, yemwe analemba kalekale anaika "r" m'malo mwa "l", monga Chishona chimachitira, n'kutaya "h". Ine polembetsa ndinalemba momwe agogo ake ankalembera. Mayina awiri, mwana mmodzi. Ndinayenda maulendo anayi ku ofesi ya zitupa, kuima pa mzere kuyambira kusanache, ndipo tsiku lina munthu wa pa windo anandifunsa ngati ndili ndi umboni woti ndine wa kuno, ine wobadwira ku Mbare. Malamulo a dziko a 2013 anatizindikira ife obadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'malamulo omwewo, koma pa windo zimenezi sizifika msanga. Pomaliza tinagonja. Tinasintha fomu ya mayeso kuti ifanane ndi birth, poti tsiku lotseka linali litayandikira. Satifiketi ya mwana wanga ili ndi "r". Bambo ake sakonda kuiyang'ana pamenepo.

Zotsatira za June zinatuluka mu August, za November mu January. Sinditchula magiredi chifukwa mwini wake wandiletsa, ati anzake a kutchalitchi amawerenga zomwe ndimalemba. Ndingoti onse asanu ndi limodzi anadutsa, ndipo achimwene nditawatumizira chithunzi anayankha ndi mawu awiri okha: "Pepala lija."

Pano tili pa mtunda wina. Akufuna Biology, Chemistry ndi Masamu ku A Level, ndipo kumeneko kulibe Alternative to Practical. Paper 3 ndi ya mu labu yeniyeni, ndi burette, maikulosikopu ndi mankhwala omwe sindingasunge pafupi ndi nsalu za anthu. Tapeza sukulu ina cha ku Msasa yomwe yavomera kuti azibwera Lachitatu lililonse masana kudzagwira zipangizo ndi ana awo, pa mtengo womwe tikukambiranabe. Ndamusokera jekete ya ubweya m'kati, ya matumba akuya oikamo botolo la madzi otentha, chifukwa labuyo ndinailowa ndipo pansi pake ndi simenti yokhayokha.