Ulendo wa ku Kamwendo: Momwe Anzathu Amawonjezera Zawo mu ERPNext

Tidanyamuka pa Kasungu boma m'mamawa, anthu asanu ndi awiri a gulu lathu losamalira makompyuta m'makopaletive a alimi, ndipo tidadzera msewu wa Santhe ndi Kapiri mpaka ku Kamwendo m'boma la Mchinji. Anzathu kumeneko amagula mtedza ndi soya kwa mamembala, ndipo zonse amalemba mu ERPNext, pulogalamu yaulere yoyendetsera bizinesi yomwe code yake ili poyera, yomangidwa pa Frappe Framework ya kampani ya ku Mumbai, ku India. Pulogalamuyi ikangoikidwa sidziwa chinyontho cha mtedza, sidziwa kalabu ya mlimi, sidziwanso kuchotsera kulemera kwa thumba pa sikelo. Tidapita kukaona momwe iwo adalowetsera zimenezi popanda kuiwononga.

Lamulo lawo loyamba ndi lakuti foda ya apps/erpnext, momwe muli code ya ERPNext yeniyeniyo, sikhudzidwa. Ambiri a ife ku Kasungu timatsegula fayilo m'menemo n'kusintha mizere iwiri itatu, zinthu n'kumayenda. Vuto limadza tsiku la bench update, lamulo lokokera code yatsopano ya pulogalamuyi: git, chida chosunga mbiri ya zosintha za code, imapeza mafayilo osinthidwa n'kukana kupitirira, ndipo munthu akaikakamiza ndi --reset zosintha zake zonse zimafufutika.

M'malo mwake adapanga app yawoyawo pogwiritsa ntchito bench, chida cholamulira Frappe pa terminal. Adationetsa pa laputopu yoyeserera ya version 15. Amalemba bench new-app mbewu, chidacho n'kufunsa mutu wa app, kufotokoza kwake, mwini wake, imelo ndi laisensi, kenako chimapanga foda ya apps/mbewu yokhala ndi hooks.py, modules.txt ndi patches.txt. App imalowa pa site, yomwe ndi ERPNext ya kopaletive yokhala ndi database yakeyake, ndi lamulo la bench --site dzina-la-site install-app mbewu. Zonsezi sizichitidwa ngati root, akaunti yamphamvu zonse pa seva, chifukwa bench imakana.

Pa developer mode tidakhalitsa, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Asanapange DocType, lomwe ndi fomu pamodzi ndi tebulo lake mu database, amalemba bench --site dzina-la-site set-config developer_mode 1. Ikayaka, DocType yawo ya Kalabu ya Alimi imasungidwa ngati fayilo ya JSON mu foda ya app, pambali pake fayilo ya Python ndi ya JavaScript. Ikakhala yozima, fomulo limakhala mu database yokha. Limagwira ntchito bwinobwino, moti palibe amene amakayika, koma mukatenga app kupita nayo pa seva ina mumapeza fomulo palibe.

Timabokosi towonjezera pa mafomu omwe alipo kale, monga chinyontho ndi nambala ya matumba pa Purchase Receipt (lisiti lolandirira katundu wogulidwa), amatipanga kudzera mu Customize Form. Natonso timakhala mu database, choncho amatitulutsa ngati fixtures, mafayilo a JSON osungidwa mu app: mu hooks.py amatchula Custom Field ndi Property Setter, n'kulemba bench --site dzina-la-site export-fixtures. Apa adatichenjeza ziwiri. Popanda filter, lamuloli limakokolola Custom Field zonse za pa site, ngakhale za ma app ena, choncho iwo amasefa ndi dzina la module. Chachiwiri, fixtures zimalowetsedwanso nthawi iliyonse ya migrate (lamulo logwirizanitsa database ndi code), ndiye kalaliki akasintha kabokosi pa seva popanda kutulutsanso fayilo, kusintha kwake kumabwerera mmbuyo.

Gawo lomwe lidatikomera kwambiri ndi la chinyontho. Mu doc_events ya hooks.py adalumikiza validate ya Purchase Receipt, kuunika komwe kumachitika lisiti lisanasungidwe, ku function yawo. Kalaliki akasunga lisiti, function imayang'ana mzere uliwonse. Chinyontho chikaposa malire omwe komiti idaika, frappe.throw imakana kusunga ndipo uthenga umatuluka m'Chichewa. Mtedza wosauma bwino umachita chuku m'nkhokwe ndipo ogula akuluakulu amaubweza, choncho ndi bwino kuukana ukadali pa sikelo. Function yomweyo imachotsa kulemera kwa matumba mlimi asanawerengeredwe ndalama. Mukasintha hooks.py pa seva yeniyeni, musaiwale clear-cache ndi bench restart, apo ayi ma worker, mapulogalamu oyendetsa code pa seva, amapitiriza ndi code yakale ndipo mudzataya ola mukufufuza cholakwa chomwe kulibe.

Tidafunsa za Server Script, code yolembedwa mkati mwa ERPNext momwemo, poti ndi yosavuta kulemba pa browser. Adati mu version 15 imabwera yozimitsidwa, ndipo ngakhale mutaiyatsa imakhalanso mu database. Kwa ife maganizo awo ndi omveka: malamulo okhudza ndalama za mlimi akhale mu fayilo yomwe git ikuisunga, kuti adziwike amene adasintha ndi tsiku lake.

Za magetsi tidakamba mwachidule. Sachita migrate popanda bench backup --with-files, ndipo seva yawo ili pa UPS, batire yoigwirizira magetsi akazima. Update ikadukira pakati, site imatha kukhalabe pa maintenance mode, yotsekedwa kwa ogwiritsa ntchito. Amamaliza migrate kaye, kenako set-maintenance-mode off.

Tisanakwere minibasi tidagwirizana kuti makopaletive atatu athu omwe adasintha mafayilo a erpnext ayambe ndi git diff kuti aone zomwe zidakhudzidwa. Anzathu awiri a ku Kamwendo abwera ku Kasungu nyengo yogula isanayambe, kudzathandiza kusamutsira zosinthazo mu app yathu.