Zikomo bambo a ana anga, zikomo nonse munandigwira dzanja

Abale ndi alongo, ndafika bwino kwathu kuno ku Chinkhoma, ndipo nyumba ija tafolera malata. Ndiloleni ndithokoze pagulu.

Ndinapita ku Leeds, mzinda wa ku UK, mu 2024 kukasamalira okalamba. Mu Malichi chaka chomwecho boma la UK linali litaletsa ogwira ntchito imeneyi kutenga mabanja awo, ndiye amuna anga ndi ana anatsala. Kumeneko palibe ananditukwana maso ndi maso. Zinali tinthu ting'onoting'ono tolasa mumtima tsiku ndi tsiku. Mlonda wa m'sitolo kunditsata paliponse pamene ndaima. Mnzanga wa kuntchito kundigwira tsitsi osapempha, akuseka. Mwana wa gogo wina amene ndinkamusambitsa ndi kumudyetsa m'mawa uliwonse ankandidutsa n'kukafunsa mzungu wongoyamba kumene ntchito kuti mayi ake agona bwanji, ine ndili chiimire pomwepo. Ukadandaula amati ukukuza nkhani. Umangomeza, n'kukalirira m'basi.

Bambo a ana anga, inu simunanenepo kuti ndingopirira poti ndalama zikubwera. Pa WhatsApp munkafunsa kuti lero andichita chiyani, ndipo chondipweteka ine chinkakupwetekani nanunso. Chikhalirecho kuno anthu ankakunenani kuti mwadyetsedwa khuzumule, chifukwa chakuti mumatunga madzi kumjigo, mumaphika, mumapita ndi wamng'onoyu kusikelo atakhala pakati pa amayi okhaokha. Nyengo ya fodya munkadzuka kusanache kuphikira ana phala musanalowere kuchigafa. Zonsezi simunandiuze, ndazimva kwa ena nditafika. Mulungu akusungireni moyo, mwamuna wanga.

Apongozi anga, akuti munayankha amayi ena pamjigo kuti mwana wanu akulera ana ake, osati a munthu wina. Ndagwada, amayi.

Ndithokozenso asisi a ku Zimbabwe ndi ku Nigeria amene ndinkagwira nawo ntchito. Ndiwo anandiuza za lamulo la Equality Act la 2010, loletsa tsankho, n'kundiphunzitsa kulemba tsiku, nthawi ndi mawu enieni amene anenedwa ndisanakaonane ndi bwana. Nditatero, wondigwira tsitsi uja anasiya.

Alamu anga, munalondera simenti ndi amisiri mpaka denga. Amayi a Chigwirizano, mapemphero anu ankandifika. Loweruka lino masana tidzakhala ndi mapemphero othokoza panyumba yatsopanoyi, bwerani nonse tidzamwere limodzi thobwa.