Tcheni amalipira msanga, mabuleki amati mawa

Lolemba ndi tsiku la akabaza. Njinga zimene zakhetsa thukuta Loweruka ndi Lamulungu zimafika m'mamawa pashedi yanga yokonzera njinga ku Chinamwali, m'mphepete mwa msewu wa M3 wopita ku Liwonde, ndipo aliyense amafuna yake ithe dzuwa lisanakwere. Sabata ino zinali zomwezo: kumata machubu, kusintha mabelingi, kumanga masipoko. Palibe amene anabwera kudzakonzetsa mabuleki. Tcheni chikaduka munthu amalipira osanenerera, poti njinga ikaima ndalamanso yaima. Koma labala wa buleki akatha njinga imayendabe, ndiye nkhani imakhala ya mawa.

Mnyamata wina ndinamufunsa kuti, "Achimwene, mabulekiwa mwawaona koma?" Iye anaseka. "Madala, ingomatani chubucho, buleki ndili nayo iyi." Anandionetsa nkhwaira yake ya tayala, itadyeka pansi chifukwa chokhuzitsa pa tayala lakutsogolo. Ameneyo ndiye amanyamula amayi ndi ana kumbuyo kupita ku Matawale.

Lachiwiri kunabwera bambo wina wa nkhuni, mwa aja amatsika ku phiri ndi msewu wa Ku Chawe mtolo utapitirira mutu. Kaliyala yake ndi yowotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba, moti imeneyo singathyoke. Chimene chimagonja ndi limu. Katundu akalemera, masipoko amaduka amodziamodzi, limu n'kuyamba kuvina. Limu yovina imakhula labala wa buleki pa kuzungulira kulikonse, ndipo wopalasa amamva ngati wina akumukoka malaya. Ndiye amatenga sipanala n'kumasula bulekiyo kuti isamakhudze. Njinga yapepuka, inde, koma tsopano ngakhale afinye chogwirira mpaka kugunda handulo, palibe chogwira. Onjezani mvula ya kuno ku Zomba: limu yachitsulo ikanyowa, labala amangotsetsereka. N'chifukwa chake pa mtsetse anthu a nkhuni ambiri amatsika n'kumaikankha, thupi lonse litapendekera kumbuyo. Ndinakhala nayo mpaka masana limu ya bamboyo, kumanga sipoko iyi, kumasula iyo, mpaka inaongoka. Za malabala atsopano tinakanganapo pang'ono, kenako tinagwirizana kuti adzamalize kulipira akagulitsa nkhuni.

Lachitatu ndinapita mumsika waukulu kukagula zipangizo. Zambiri zimachokera ku India ndi ku China, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero sukhala wa sabata yamawa. Masipoko otchipa alipo, koma ena ndi opindika ndi chala.

Tsiku limene linandikhala pamtima ndi Lachinayi. Mayi wina anabwera akukoka njinga ya amuna awo, foloko itapindikira m'kati, tayala lakutsogolo litapotoka. Bambowo amapikula mpunga kumbali ya nyanja ya Chilwa. Galimoto ina inawaimbira hutala ili pafupi kale, iwo n'kuthawira kumbali. Anthu oyenda pa galimoto sadziwa kuti m'malo ambiri phula linadyeka m'mphepete, ndipo pakati pa phula ndi dothi pali kaphompho. Wopanda katundu amadumphapo. Wa matumba awiri a mpunga tayala limakodwa, iye n'kugwa. Mwamwayi bambowo anagwera kunja kwa msewu, anangovulala phewa. Dalaivala sanaime.

"Mayi, foloko iyi ndisaongole, tigule ina," ndinawauza. Chitsulo chopindika ukachibweza chimaoneka bwino, koma chimadzathyokera pomwepo tsiku lina munthu ali pa liwiro. Anati akafunse kaye kunyumba. Njinga ikadali pano.

Madalaivala amakonda kunena kuti apanjinga ndi osamva. Ena ndi osamvadi. Alipo amene amapalasa kumanja moyang'anana ndi magalimoto, ati kuti aziona chimene chikubwera, pamene lamulo limati njinga iyende kumanzere monga galimoto. Koma tayimani pa siteji ya Chinamwali madzulo muone. Minibasi yaima mwadzidzidzi pamene yaona munthu, Sienta yatsegula chitseko osayang'ana kumbuyo, kabaza wa njinga yamoto wadutsa mbali imene sumayembekezera. Wa njinga yakapalasa ndiye wamng'ono pa onsewo, ndipo malo amene amamusiyira ndi kaphompho kaja.

Lachisanu ndinatanganidwa ndi zowala. Mdima ukagwa, makamaka magetsi akazima, munthu wovala jekete yakuda pa njinga yakuda saoneka mpaka galimoto itamufika. Marifulekita amene amabwera ndi njinga yatsopano sakhalitsa. Amene alibe ndalama ndimawamangirira CD yakale kumbuyo kwa kaliyala ndi waya. Siifanana ndi rifulekita yeniyeni, komabe nyali ya galimoto ikaiwomba imang'anima.

Loweruka mtsikana wa sekondale anabweretsa njinga ya Buffalo kuti ndiipope ndi kukweza chishalo. Buleki yake ili m'kati mwa habu yakumbuyo, umangobweza mapedulo n'kuima, ndiye mvula siisokoneza ndipo limu ikavina buleki imagwirabe. Ndinamufunsa ngati amayendera msewu waukulu. Anati ayi, amayi ake anamuletsa, amazungulira njira zafumbi za m'midzi ngakhale amafika kusukulu mochedwerapo.