Kusaka kadyamsonga mwalamulo, kuyambira pa mapepala mpaka chikopa chitauma

Ntchito yosaka kadyamsonga ndimaiyamba miyezi ingapo mfuti isanatuluke m'bokosi, ndipo choyamba ndi kudziwa kumene lamulo limalola. Alenje ochokera kunja amakasaka nyamayi ku South Africa, Namibia ndi Zimbabwe, makamaka m'mafamu a nyama zakutchire ndi m'madera amene boma limaika chiwerengero cha nyama zoti ziphedwe pachaka. Ku Kenya kusaka kunaletsedwa mu 1977, ndipo ku Tanzania kadyamsonga ndi nyama yoimira dziko, sakhudzidwa. A m'chigwa cha Luangwa ku Zambia ndi otetezedwanso. Ku Malawi musayerekeze n'komwe: ambiri mwa akadyamsonga oyamba a ku Majete anachita kubwera nawo pa malole kuchokera ku South Africa mu 2018, ndipo wopezeka akuwasaka ndi wakuba nyama basi.

Mlendo saloledwa kusaka yekha. Amadzera kwa kampani yolembetsedwa ndipo amayenda ndi mlenje wachiphaso, amene kutchire aliyense amangoti PH. Ndisanavomere masiku ndimafuna kuona ndi maso anga kuti pachilolezo palembedwa kadyamsonga, dzina la famu kapena dera, ndi dzina la mlenje amene adzawombere. Ku Namibia chilolezo chimatuluka kusaka kusanayambe, nyengo yake ndi kuyambira 1 February mpaka 30 November. Ku Zimbabwe kuli fomu ya TR2 yodindidwa ndi a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire, imene nyama iliyonse yophedwa kapena yovulazidwa imalembedwapo. Ku South Africa malamulo osaka amasiyana chigawo ndi chigawo, choncho za ku Limpopo musazitenge ngati za ku Eastern Cape.

Wolowa ndi mfuti yake ku South Africa amalemba fomu ya apolisi ya SAPS 520. Ilembedwe ndi inki yakuda, koma isasainidwe mpaka mutaima pamaso pa wapolisi pabwalo la ndege. Pamodzi nayo pamafunika pasipoti, tikiti yobwerera, kalata yokuitanani yochokera ku kampani yosakitsa, ndi umboni woti mfutiyo ndi yanu. Mfuti ziwiri za kalibala imodzi, kutanthauza zolowa chipolopolo cha saizi yofanana, sizilowa, ndipo zipolopolo zisapitirire 200 pa mfuti iliyonse. Chimene chimatsekereza anthu ambiri ndi nambala ya mfuti: nambala imodzi ikasiyana pakati pa pepala ndi chitsulo, mfutiyo imatsala kupolisi inu n'kumapita kutchire chimanjamanja.

Pepala lina ndi la CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire. Mu August 2019, pamsonkhano wa ku Geneva, kadyamsonga anaikidwa pa Appendix II, kutanthauza kuti chikopa, chigaza kapena fupa lake siliwoloka malire popanda chikalata. Mayiko angapo a kummwera kwa Africa anatsutsa chigamulochi, koma dziko limene katunduyo akupita limafunabe pepala, ndiye ine ndimalitenga ngati lokakamiza.

Mgwirizano wa ndalama uwerengedwe bwino. Pamakhala malipiro a tsiku lililonse ndi mtengo wa nyama payokha, ndipo lamulo la pafupifupi paliponse ndi lakuti mukangotulutsa magazi mwagula, kaya nyamayo yapezeka kaya yasowa.

Za mfuti ndilibe nazo mawu ambiri. Malamulo a ku Zimbabwe amalola kuyambira chipolopolo cha mamilimita 7 champhamvu ya majulo (muyeso wa mphamvu) 4,300, koma amenewo ndi malire a lamulo chabe. Ine ndimasankha mfuti ya .375 H&H ndi chipolopolo cha magireni (muyeso wa kulemera) 300 cholimba, chotambasuka pang'onopang'ono osasweka. Chipolopolo chofewa cha agwape chimaphwanyika pachikopa ndi paphewa chisanafike pamtima. Tsiku loyamba timawombera chandamale pa mamita 100, titatsamiritsa mfuti pa ndodo zomwezo zimene tidzagwiritse ntchito kutchire, chifukwa sikopu, galasi lolozera la pamfuti, imasuntha m'ndege ndi m'misewu yamabampu.

Miyezi yabwino ndi yozizira, May mpaka August. Masamba amakhala atayoyoka, maso amafika patali, komanso nyama ndi chikopa sizionongeka msanga. Ndimafuna kuwombera m'mawa, dzuwa lisanakwere. Kuwombera madzulo n'kudziputira ntchito yosenda usiku ndi tochi, afisi akulira pafupi.

Kupeza kadyamsonga sikuvuta. Phazi lake ndi lalikulu ngati mbale ya nsima, ndowe zake ndi timibulu tomwazikana chifukwa timagwa kuchokera kutali, ndipo mitengo yaminga imene amadya imaoneka yometedwa kumwamba. Chovuta ndi kusankha woyenera. Timafuna wamphongo wokalamba amene watha nthawi yake yobereketsa. Ndi magalasi oonera patali ndimayang'ana nyanga: za wamphongo ndi zonenepa, zadazi pamwamba chifukwa chomenyana ndi anzake ndi makosi, pomwe za wamkazi ndi zoonda, zokhala ndi kanyenje ka ubweya wakuda kunsonga. Wokalamba amakhala ndi zotupa za fupa pamphumi, khosi lonenepa, nthawi zambiri mawanga akuda, ndipo amanunkha moti mphepo ikakhala yochokera kwa iye mumamumva musanamuone. Kuda kokha si umboni wa ukalamba, ena amada akadali anyamata, ndiye ndimayang'ana zizindikiro zonse pamodzi. Wamkazi amaphedwa pokhapokha famu ikuchepetsa chiwerengero, ndipo apo pamafunika kudekha kwambiri: amatenga bere miyezi 15, ndipo woyamwitsa amatha kusiya mwana patali iye n'kumadya yekha.

Galimoto timaisiya kutali. Diso la nyamayi lili mamita asanu m'mwamba ndipo limaona bwino kwambiri, choncho kukwawa mu udzu kulibe phindu, amakuonani kuchokera pamwamba. Chimene chimathandiza ndi kuika mtengo wamasamba pakati pa inu ndi mutu wake, kuyenda akamadya, kuima akadzutsa mutu. Mphepo ndimaiyesa ndi phulusa la m'kansalu. Gulu lonse likaima n'kuyang'ana mbali imodzi, ndiye kuti mwaonedwa. Khalani phee, osabisala mwadzidzidzi, chifukwa kuzimiririka kwanu n'kumene kumawathawitsa. Mtunda wabwino ndi mamita 50 mpaka 100. Musanakhudze chowombera onani kuti kuseri kwake kulibe wina, poti chipolopolo cholimba chimatha kupyola.

Apa ndi pamene alenje ozolowera nyama zina amalakwitsa. Pa mphalapala kapena ngoma timaphunzira kulasa kuseri kwa phewa, chakumunsi. Mukatero pa kadyamsonga mwalasa chifu. Thupi lake ndi lalifupi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, msana ndi wotsetsereka, ndipo mtima, wolemera pafupifupi makilogalamu 11, uli patsogolo kwambiri, pakati pa mapewa awiri, pamwamba kuposa mmene diso likuuzirani. Mapapo nawonso ali m'mwamba. Akaima chammbali, ndimatsata mwendo wakutsogolo ndi diso kukwera mpaka kupitirira mfundo ya phewa imene imaoneka ngati chotupa, ndipo ndimalasa paphewa penipenipo, osati kuseri kwake. Akaima choyang'ana kuno, pachifuwa pamaoneka zotupa ziwiri za mfundo za mapewa. Malo ake ndi pakati pa zotupazo, chapamwamba pang'ono pamene khosi lalowera m'thupi. Kumbukiraninso kuti mukuwombera chokweza, ndiye ganizirani kumene chipolopolo chikatulukire, osati pamene chikulowera pokha.

Kulasa ubongo kapena fupa la khosi kumagwetsa nyama pomwepo, koma ine sindilimbikitsa mlendo kutero. Ubongo ndi waung'ono ndipo mutu sukhazikika. Mukaphonya pang'ono mwathyola nsagwada, nyama n'kukafa ndi njala patapita masiku. Khosi lili ndi mafupa asanu ndi awiri okha, aataliatali, ozunguliridwa ndi mnofu wambiri, ndipo chipolopolo chodutsa pafupi ndi fupa chimangomukomola, n'kudzuka inu mukugwirana chanza.

Wolasidwa bwino pamtima amathamangabe mamita angapo, nthawi zina kupitirira 100, kenako n'kuima, kudzandira, n'kugwa chagada kapena chammbali. Mukangowombera lowetsani chipolopolo china, ndipo ngati akadali chiimire womberaninso. Chikopa chake chochindikala chimatseka bala, magazi sagwa ambiri pansi. Pofufuza ndimayang'ana pamasamba ndi panthambi zofika m'mapewa ndi kumutu kwa munthu. Wolasidwa m'mimba amatha kuyenda makilomita ambiri, ndipo akathamanga amafika liwiro la makilomita 50 pa ola. Akagwa musamuyandikire chakumiyendo kapena pamene khosi lingafike likakwapula. Chiboda chake chimapha mkango. Ndimadzera kumsana, n'kukhudza diso ndi ndodo yaitali. Likapanda kuphethira ndiye kuti zatha.

Tsopano mpikisano ndi kutentha wayamba. Wamphongo wamkulu amalemera makilogalamu 1,200 kapena kuposa, ndipo chikopacho chimasunga kutentha ngati bulangete. Zithunzi zijambulidwe msanga, thupi lisanaume. Mphindi zosapitirira 30 zimakwana. Osenda, thirakitala ndi ngolo, winchi, zingwe, maselo oyala pansi, madzi, mipeni yosachepera isanu ndi umodzi ndi mwala wonolera ziyenera kukhala zokonzeka kale, zongodikira uthenga. Anthu asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu ndiwo amaigwira bwino ntchitoyi. Musamukoke pansi ndi galimoto: ubweya umapalika ndipo sumeranso. Nthawi zambiri timasendera pomwe wagwerapo.

Mpeni usanalowe, mwini nyama anene chimene akufuna, chifukwa kudula sikubwezedwa. Ngati akufuna chikopa choyala pansi, timang'amba kuchokera kuchibwano kutsika pansi pa khosi, pamimba mpaka kumchira, kenako mkati mwa mwendo uliwonse. Ngati akufuna mutu ndi khosi zoimika, timang'amba kumsana motsata chenjerere cha khosi kuti msoko udzabisike, ndipo timadula mozungulira thupi kutali kuseri kwa miyendo yakutsogolo. Chikopa chotsala wokonza zikopa amachidula yekha, choperewera alibe pochitenga. Mpeni uzidula kuchokera mkati kupita kunja kuti usamete ubweya, ndipo uzinoledwa pafupipafupi, chifukwa pachifuwa ndi pakhosi chikopa chimachindikala masentimita 2 kapena kuposa. Nyanga zake ndi fupa lokutidwa ndi chikopa, choncho nazonso zimasendedwa, kung'amba kumbuyo kwake n'kumatula pang'onopang'ono. Milomo, zikope, mphuno ndi makutu zimatembenuzidwa ndi kampeni kakang'ono. Zikasiyidwa ndi mnofu ndi pamene kuola kumayambira.

Mbali imodzi ikasendedwa, mimba itsegulidwe. Masamba a m'chifu amapitiriza kuwira nyama itafa, mpweya umatupitsa mimba, ndipo nyama yapafupi ndi fupa la ntchafu imasasa msanga. Timachotsa miyendo, minofu ya msana ndi ya khosi, n'kuzipachika pamthunzi kapena kuthamangira nazo kuchipinda chozizira. Pamatuluka nyama yokwana makilogalamu mazana angapo. Ya wokalamba ndi yolimba ndipo ili ndi fungo, ndiye yambiri imapita ku soseji, nyama yogaya ndi biltong (nyama youmitsa), ina kwa antchito ndi midzi yoyandikana malinga ndi mgwirizano wa malowo. Mafupa a miyendo musataye: mafuta a mkati mwake anthu amawakonda, ndipo fupalo ndi lochindikala, amapangira zigwiriro za mipeni.

Chikopa ndi chimene chimaonongeka kawirikawiri, ndipo vuto lake silioneka tsiku lomwelo. Mumadzangomva patapita miyezi kuti ubweya ukusosoka m'manja mwa wofufuta. Chifukwa chake n'chakuti mchere sunalowe mpaka kumizu ya ubweya tizilombo toyambitsa kuola tisanafikeko. Ndimachitsuka ndi madzi ozizira kuchotsa magazi, kupala mnofu ndi mafuta onse, kenako m'malo ochindikala ndimachipepula ndi mpeni, kapena kutema mizere yopingasana mkati mwake, motalikirana ngati zala ziwiri, mosamala kuti mpeni usatulukire kuubweya. Chikatero chimanyikidwa usiku wonse m'madzi a mchere wambiri, osungunula mpaka mchere wina kutsala pansi, othiramo mankhwala opha tizilombo. M'mawa timachikhetsa madzi, kuchiyala pamthunzi ubweya uli pansi, pamalo otsetsereka pang'ono, n'kuchikwirira ndi mchere watsopano, kuutikita m'makutu, m'milomo ndi m'mphepete mmene mumakonda kupindika. Matumba atatu a makilogalamu 50 akhalepo. Mchere wotsala pa nyama ina ndi wakuda kale, musaubwereze. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri timakutumula wonyowawo n'kuthira wina.

Padzuwa chisaikidwe, ngakhale mukufulumira chotani, chifukwa kunja kumauma n'kutsekera chinyontho mkati. Chisagonenso pa chitsulo, dzimbiri limadetsa. Chikatha masiku angapo mumchere timachipachika pamthunzi podutsa mphepo, ndipo timachipinda ubweya uli mkati chikadali chofewa pang'ono. Mukadikira kuti chiumiretu chimasanduka thabwa, sichilowa m'bokosi, ndipo mukachikakamiza chimasweka popindapo.

Chigaza chimaphikidwa pamoto wochepa, madzi ongonyeka osati obwadamuka, apo ayi mafupa a mphuno amamasuka ndipo mano amang'aluka. Chidutswa chilichonse, chikopa, chigaza, mchira, fupa lililonse la mwendo, chimangiriridwe chikwangwani chapulasitiki cha dzina la mlenje ndi nambala ya chilolezo, chifukwa m'shedi yosendera zikopa za anthu osiyanasiyana zimafanana. Kuchoka apo katundu amapita kwa okonza zikopa ovomerezeka kuti akamuviike m'mankhwala ndi kumulongedza, dokotala wa ziweto wa boma apereke chikalata chake, ndipo pepala la CITES lilembedwe. Ndimaonetsetsa kuti chiwerengero cha zidutswa papepala chikufanana ndi cha m'bokosi: mukalemba mafupa anayi koma m'bokosi muli asanu ndi atatu, a kasitomu a dziko lolandira amagwira bokosi lonse. Kuchokera tsiku lowombera mpaka bokosi kunyamuka pamadutsa miyezi ingapo, ndipo ngati mutu ndi khosi zikuimikidwa m'dziko losakiralo, yembekezerani chaka kapena kuposerapo.