Nadia Murad sanakhale chete

Abale inu, nkhani ya Nadia Murad ikundisowetsa tulo. Mu Ogasiti 2014 zigawenga za ISIS zinalowa m'mudzi mwawo ku Kocho, dera la Sinjar ku Iraq, nkupha mayi ake ndi azichimwene ake 6, iyeyo nkupita naye ku Mosul komwe ankamugulitsa nkumamugwiririra, mlandu wake kungokhala Myazidi basi, mtundu wa anthu ochepa ku Iraq okhala ndi chipembedzo chawochawo. Atathawa sanabisale, anakanena yekha zonsezo ku United Nations mu 2015, pomwe kwathu tikanamuuza kuti usatichititse manyazi, zomwe zimandinyansa heve.

Mu 2018 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel limodzi ndi Dr Denis Mukwege, dokotala wa ku Congo wothandiza azimayi ogwiriridwa pankhondo. Mayi wa ku Congo amene amandiluka tsitsi ku Yeoville kuno ku Joni atamva dzinali anayika kaye chipeso pansi, akuti kwawo ku Bukavu azimayi ambiri anapulumukira m'manja mwa adokotalawa.